Chifukwa chake mphesa zimakoma chaka china n'kuwola chaka chotsatira

Bambo wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, watilembera motere: "Ndili ndi mipesa 12 pakhomo panga. Chaka chatha tinadya mphesa zokoma mpaka kugawirako anansi, koma chaka chino zinang'ambika n'kuwola zisanapse, chonsecho ndinathira manyowa ndi kudulira monga mwa nthawi zonse. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town anandibweretsera botolo la vinyo lolembedwa 2015, ndipo anati anthu kumeneko amachitama kwambiri chaka chimenecho. Kodi nyengo ya chaka imasintha bwanji mphesa, nanga kwathu kuno tingachitepo chiyani?"

Bambo, funso lanu likuoneka ngati lili pawiri, koma muzu wake ndi umodzi. Chaka chimene chimalembedwa pa botolo la vinyo si chaka chimene vinyoyo anathiridwa m'botolo kapena kutumizidwa kusitolo, koma ndi chaka chimene mphesa zake zinathyoledwa m'munda, ndipo malamulo a ku South Africa ndi a mayiko a mu European Union amafuna kuti magawo osachepera 85 pa 100 alionse a vinyoyo achokeredi ku mphesa za chaka cholembedwacho. Tsono anthu a ku Cape akamatama 2015, kwenikweni akutama nyengo ya chakacho, popeza mipesa inali yomwe ija, nthaka yomwe ija, ndipo alimi ake sanasinthe. Pakhomo panunso sipanasinthe kanthu kupatula kumwamba, choncho musadziimbe mlandu pa kaduliridwe kanu.

Mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritsitse ndi yakuti mpesa sulabadira kwenikweni kuchuluka kwa mvula imene yagwa pa chaka, koma nthawi imene mvulayo yagwa poyerekeza ndi pamene mpesawo wafika pa kakulidwe kake. Dera la Bordeaux ku France, lomwe ndi lotchuka pa dziko lonse chifukwa cha vinyo, limalandira mvula yopitirira pang'ono mamilimita 900 pa chaka, ndipo mlingo umenewu sukusiyana kwambiri ndi wa kuno ku Dedza. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Bordeaux imagwa mwapang'onopang'ono chaka chonse, yochulukirapo n'kugwa m'miyezi yozizira mipesa ili m'tulo, pomwe yathu imakhuthuka pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo, nthawi yomwe mphesa zikukula ndi kupsa. M'madera ozungulira Cape Town, monga Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, zinthu zinachita kutembenuka: mvula imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ife tikuwotha moto, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi, kuno kuli matope okhaokha, kumeneko kumakhala kouma ndipo ndi pamene amakolola. Alinso ndi mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, yomwe imaumitsa masamba ndi kuchepetsa matenda m'minda.

Tiyeni tiulondole mpesa kuyambira pamene wagona. M'nyengo yozizira umayoyola masamba onse n'kuoneka ngati wauma, ndipo uli choncho umapirira kuzizira koopsa, ngakhale kwa madigiri 15 kunsi kwa ziro. Tulo timeneti n'tofunika, chifukwa mpesa umene sunazizidwe mokwanira umaphukira mosalingana, diso lina lero, lina pakatha masabata awiri, ndipo pamapeto pake tsango lina limapsa linzake likadali laliwisi. Kunja kukayamba kufunda, kutentha kwa tsiku n'kumafika madigiri 10 mosalekeza, maso amatupa n'kutulutsa mphukira, ndipo ngozi yoyamba ili pomwepa, pakuti mphukira yanthete imafa ndi chisanu cha madigiri awiri okha kunsi kwa ziro, chogwa kwa maola ochepa m'bandakucha. Mu 2021 ku France kunatentha modabwitsa kumapeto kwa Malichi, mipesa inanyengeka n'kuphukira msanga, kenaka kumayambiriro kwa Epulo chisanu chinagwa masiku angapo motsatizana. Alimi a ku Burgundy, makamaka a ku Chablis, anachezera akuyatsa makandulo aakulu a m'zitini pakati pa mizere, ena akuwotcha udzu, ena akupopera madzi kuti aundane pa mphukira n'kuziteteza, ena mpaka kulemba ganyu mahelikopita kuti azitsitsa mpweya wofunda wa m'mwamba. Ngakhale anayesetsa chotere, chisanucho pamodzi ndi matenda amene anabwera ndi mvula ya miyezi yotsatira zinatsitsa vinyo wa dziko lonselo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi 2020. Mpesa wowauka ndi chisanu umaphukiranso kuchokera pa diso lachiwiri, koma zipatso zake zimakhala zochepa ndiponso zochedwa.

Inu a ku Bembeke simusowa kuuzidwa za chisanu, poti mwaonapo masamba a nyemba ndi a mbatata ya kachewere ya m'dimba atada bii m'mawa wina mu Julayi, pomwe mbewu za kumtunda zili bwinobwino. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'dambo, n'chifukwa chake minda yambiri yotchuka ya mphesa ili pamalo otsetsereka, osati pansi pa chigwa.

Pakatha masabata 6 mpaka 8 chiphukirireni, mpesa umachita maluwa. Ndi timaluwa tobiriwira topanda kukongola kulikonse, moti anthu ambiri amene ali ndi mpesa pakhomo sanatizindikirepo n'komwe, koma masiku pafupifupi 10 amenewa ndi amene amagamula kuchuluka kwa zokolola. Duwa lililonse lili ndi kachipewa kamene kamayenera kuthothoka kuti mungu ugwere pamalo pake, popeza mpesa umadzipatsa wokha mungu osadalira njuchi. Kukakhala mvumbi kapena kukazizira, kachipewako kamakanirira, maluwa ambiri amayoyoka osabala, ndipo tsango limatuluka la mipatamipata, zipatso zazikulu zitasakanikirana ndi tina ting'onoting'ono topanda njere. Pa nthawi yomweyinso pamachitika chinthu chobisika chimene alimi ambiri sachidziwa: tsango limene mudzathyole chaka chamawa limakhala layamba kale kuumbika mkati mwa diso la nthambi ya chaka chino. Nthambiyo ikakhala pa dzuwa ndi pofunda, diso limasunga matsango awiri kapena atatu, koma kukakhala mitambo ndi mthunzi limasunga limodzi, mwinanso tizingwe togwirira tokhatokha. Kunena zoona, zokolola zilizonse zimasenza nyengo ya zaka ziwiri. Ndikuchenjezeninso pasadakhale kuti ngati mipesa yanu inakungudzuka masamba msanga chaka chino chifukwa cha matenda, ndiye kuti sinasunge chakudya chokwanira m'thunthu ndi m'mizu, ndipo mwina chaka chamawa idzabala mopereweza ngakhale nyengo itakhala yabwino.

Pa matenda ndikhalitsapo, chifukwa mphesa za kwathu zimathera pamenepa. Nthenda yoopsa kwambiri m'chaka chamvula ndi imene m'mabuku a zaulimi imatchedwa downy mildew, ndipo kachilombo kake ndi kachibale ka kaja kamene kamabweretsa chiwawu pa mbatata ya kachewere ndi pa tomato ku Tsangano ndi ku Lizulu. Imayamba ndi timadontho tachikasu tooneka ngati padontha mafuta pamwamba pa tsamba, ndipo mukalitembenuza tsambalo m'mawa kutagwa mame mumapeza nkhungu yoyera kunsi kwake. Mbewu za kachilomboka zimachita kusambira m'madzi, kotero tsamba louma sizingalilowe, koma likangonyowa kwa maola angapo kunja kuli kofunda, ndiye kuti zalowa. Alimi a ku Ulaya amati nthendayi imadikira zinthu zitatu, chilichonse cha 10: kutentha kwa madigiri 10, mphukira yotalika masentimita 10, ndi mvula ya mamilimita 10 pa tsiku limodzi kapena awiri. Kuno kwathu mu Januwale ndi Febuluwale zinthu zitatuzi zimakumana pafupifupi sabata iliyonse.

Nthendayi inafika ku France kuchokera ku America mu 1878, ndipo mankhwala ake anapezeka mwamwayi. Mu 1882 katswiri wa zomera, Pierre-Marie-Alexis Millardet, akuyenda m'dera la Médoc, anaona kuti mizere ya m'mphepete mwa msewu inali ndi masamba ake pomwe ya mkati inali itakungudzuka. Atafunsa anauzidwa kuti mizereyo ankaiwaza kopa wosakaniza ndi laimu kuti mphesa zioneke zabuluu, anthu odutsa aziopa kuthyola. Mankhwala otchedwa Bordeaux mixture, amene analengezedwa mu 1885, anabadwa chotero, ndipo mankhwala a kopa amene mumagula kuti mupopere tomato ndi zidzukulu zake. Komabe ngakhale patha zaka zoposa 130, nthendayi sinagonje. Mu 2023 inasakaza minda ku Italy ndi ku Bordeaux itagwa mvula yambiri mu Meyi ndi Juni, moti Italy inalandidwa ndi France malo oyamba pa kuchuluka kwa vinyo, ndipo pophatikiza ndi chilala cha m'mayiko ena, vinyo wa dziko lonse lapansi anatsika kufika pa mlingo umene unali usanaonekepo chiyambire 1961. Ilipo nthenda ina yooneka ngati phulusa pamwamba pa masamba ndi zipatso, imene siifuna mvula koma mthunzi ndi kufunda, ndipo imeneyo imamva salufa.

Pakatha masabata 6 kapena 7 maluwa atayoyoka, zipatso zimene zinali zolimba ndi zowawasa ngati mandimu zimayamba kufewa ndi kusintha mtundu, zina kufiira kenaka kuda, zina kuyezuka n'kumaonekera mkati. Afalansa amatcha nthawi imeneyi kuti véraison. Kuyambira apa shuga amakwera tsiku ndi tsiku pomwe asidi akutsika, ndipo luso lonse la wolima mphesa za vinyo lagona pa kupeza tsiku limene ziwirizi zalingana bwino. Shuga amapangidwa m'masamba ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo ndi amene yisiti imasandutsa ukali wa vinyo. Magalamu pafupifupi 17 a shuga mu lita imodzi ya madzi a mphesa amapereka 1 peresenti ya ukali, kutanthauza kuti vinyo wa 13 peresenti amafuna magalamu oposa 220 pa lita. M'chaka cha mitambo shuga safika pamenepo, ndipo vinyo amatuluka wowawasa ndi wopanda mphamvu. M'chaka chotentha mopitirira shuga amathamanga, asidi amatha msanga, ndipo vinyo amatuluka waukali koma wozizira m'kamwa ngati ndiwo zopanda mchere. Kutentha kukapitirira madigiri 35, tizibowo topumira ta masamba timatsekeka, ntchito yopanga shuga imaima, ndipo matsango amene alibe mthunzi amapsa ndi dzuwa n'kukhwinyata. Chimene mpesa umachikonda ndi usana wofunda ndi usiku wozizira, chifukwa kuzizira kwa usiku kumasunga asidi ndi fungo.

Chodabwitsa kwa ife alimi a chimanga n'chakuti pa nthawi imeneyi mpesa umafuna ludzu pang'ono. Ukakhuta madzi umangotaya mphamvu pa nthambi ndi masamba, zipatso n'kumakula zamadzimadzi. Ukamva ludzu umasiya kuyanga n'kuyamba kusamala zipatso, zomwe zimakhala zing'onozing'ono, za khungu lochindikala, ndipo m'khungumo ndi mmene muli mtundu, fungo, ndi kumanga m'kamwa kuja kofanana ndi kwa tiyi wobiriwira wochuluka masamba, kumene kumathandiza vinyo wofiira kukhala zaka zambiri osawonongeka. Chaka cha 2015 ku Cape chinali chotero: kunali kouma, anakolola msanga, usiku kunkazizira bwino pa nthawi yopsa, ndipo mphesa zinalowa m'nyumba zofululira zili zazing'ono ndi zopanda matenda. Koma ludzu lili ndi malire. Kuuma komweko kunapitirira mpaka 2018, madzi m'damu la Theewaterskloof anatsala pang'ono kutheratu, mzinda wa Cape Town unayamba kuwerenga masiku oti mipopi itsekedwe, alimi anachepetsedwa madzi a mthirira, ndipo zokolola za 2018 zinatsika ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi za 2017.

Tsopano ndifike pa zimene zinachitika pakhomo panu. Mphesa ikafewa n'kudzaza shuga, khungu lake limasiya kutamuka. Mvula yamphamvu ikagwa pa nthawi imeneyi, madzi amalowa kudzera m'mizu ndiponso pa khungu lenilenilo, chipatso chimatupa, ndipo chimang'ambika, kawirikawiri pafupi ndi kaphesi kake. Madzi otsekemera aja akatuluka amaitana njuchi, mavu ndi tintchentche ta zipatso, nkhungu yotuwa yotchedwa Botrytis imamera pa bala, ndipo popeza zipatso za m'tsango zimakhala zothinana, chimodzi chikawola chimapatsira zinzake zonse m'masiku atatu kapena anayi. Mukanunkhiza tsangolo mumamva fungo la viniga. Nanga bwanji chaka chatha zinakoma? Mukakumbukira bwino, ndikukhulupirira kuti mupeza kuti panali ng'amba ya sabata ziwiri kapena zitatu imene inakumana ndi nthawi yopsa. Ng'amba imene inkadandaulitsa anansi anu chimanga chikufota ndi yomwe inakudyetsani mphesa.

Wina angafunse kuti bwanji osangothyola msanga mvula isanawononge. Vuto lake n'lakuti mphesa sizivundikidwa. Nthochi, mango ndi mapeyala timathyola zitakhwima n'kuzipsetsa m'nyumba, koma mphesa ikachoka pa mpesa shuga wake waima pomwepo. Pa chifukwa chimenechi sabata zomaliza zimakhala za mtima m'mwamba m'madera onse a vinyo. Mlimi amayenda m'mizere m'mawa uliwonse akulawa, akutafuna njere kuti aone ngati zasanduka zofiirira ndi zokhukhuta, akudonthezera madzi a chipatso pa kachipangizo koyezera shuga, kwinaku akumvetsera za nyengo. Akamva kuti kukubwera mvula ya masiku atatu amayenera kusankha pakati pa kuthyola lero mphesa zotsala pang'ono kupsa, ndi kudikira kuti mwina mvulayo ilambalala. Alimi awiri oyandikana minda akhoza kusankha mosiyana, ndipo vinyo wawo wa chaka chimodzi adzasiyana kutalitali.

Mwa apo ndi apo nkhungu yomweyi imasanduka mdalitso, ndipo ndingotchulako pongodutsa. Ku Sauternes, kum'mwera kwa Bordeaux, chifunga cha m'mawa chochokera pa mtsinje wa Ciron chikatsatidwa ndi dzuwa la masana, Botrytis imaboola khungu n'kuumitsa chipatso m'malo mochiwoletsa, ndipo kuchokera ku mphesa zokhwinyatazo amapanga vinyo wotsekemera wokwera mtengo kwambiri. Koma dzuwa la masana likasowa kumangokhala kuwola wamba, moti munda wotchuka wa Château d'Yquem sunatulutse n'komwe vinyo wake wotsekemera wa chaka cha 2012. Matalala nawo amatha m'mphindi zochepa ntchito ya chaka chonse, monga mlimi wa fodya aliyense akudziwira. Midzi ya Volnay ndi Pommard ku Burgundy inakanthidwa zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo ku Mendoza, m'dziko la Argentina, alimi ambiri amaphimba mizere ndi maukonde. Utsi wa moto wa m'tchire umalowanso m'khungu la mphesa n'kudzamveka m'vinyo ngati phulusa, monga zinachitikira ku Australia ndi ku California mu 2020, ndipo aliyense woganiza zolima mphesa pafupi ndi mapiri athu, amene amayaka chaka ndi chaka anyamata akamasaka mbewa, ayenera kuikumbukira nkhani imeneyi.

Popeza tsiku lokolola limatsatira kwambiri kutentha kwa chaka, mabuku akale a minda ya mphesa asanduka umboni wa mbiri ya nyengo. M'tauni ya Beaune ku Burgundy muli zolembedwa za masiku okolola kuyambira mu 1354. Zaka zozizira zimaonekeramo, monga 1816, pamene fumbi la phiri la Tambora la ku Indonesia, limene linaphulika mu 1815, linaphimba dzuwa, mphesa n'kuchedwa kwambiri ndipo zambiri osapsa. Zotentha nazo zimaonekera, monga 2003, pamene anakolola mu Ogasiti m'malo mwa kumapeto kwa Seputembala. Akatswiri atasanthula mndandandawu anapeza kuti kuyambira 1988 nthawi yokolola yafulumira ndi masiku pafupifupi 13 poyerekeza ndi zaka 600 za m'mbuyo. Kufulumiraku kuli ndi msampha wake, chifukwa mpesa umene waphukira msanga ndi womwe chisanu cha mochedwa chimaupeza.

Ndisakusiyeni ndi maganizo akuti botolo lililonse limasintha chaka ndi chaka. Vinyo wotsika mtengo, makamaka wa m'mabokosi, amachokera m'minda ya mthirira ya m'madera otentha ndipo amasakanizidwa kuchokera kwa alimi ambiri kuti kukoma kwake kusamasinthe. Ngakhale ku Champagne, kumene nyengo ndi yosadalirika, anazolowera kusunga vinyo wa zaka zabwino n'kumasakaniza ndi wa zaka zina, n'chifukwa chake mabotolo ambiri a kumeneko salembedwa chaka. Chaka chimalemera kwambiri pa vinyo wochokera m'munda umodzi, m'dera limene nyengo imasinthasintha.

Nanga kwathu kuno? Minda yambiri ya vinyo ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera pa mzere wogawa dziko pakati, pomwe Dedza ili pafupifupi pa madigiri 14. Chimene chimatithandiza ndi kukwera kwa malo, poti boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira kumene kumachititsa mapichesi kuchita maluwa kuno kumapatsanso mpesa tulo take. Chotipinga ndi kalendala. Mukadulira mu Ogasiti, mpesa umaphukira mu Seputembala, umachita maluwa mu Okutobala, ndipo popeza kuchokera pa maluwa kufika pokolola pamatenga masiku pafupifupi 100, mphesa zimapsa mu Januwale kapena Febuluwale, dzinja lili pachimake. Alimi a mphesa a ku Marondera m'dziko la Zimbabwe, omwe ali pamalo okwera mofanana ndi athu, akhala akulimbana ndi vuto lomweli. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, amakolola kawiri pa chaka, cha mu Malichi ndi cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo mphesa za m'chilimwe ndi zimene zimakhala ndi shuga wambiri. Ku Minas Gerais, m'dziko la Brazil, kumene mvula imagwa miyezi yofanana ndi yathu, anapeza nzeru yodulira kawiri: amadulira mu Ogasiti n'kuchotsa matsango onse amene atuluka kuti mpesa ungokulitsa nthambi, kenaka amaduliranso cha mu Januwale, ndipo mphesa, makamaka za mtundu wa Syrah, zimapsa mu Julayi ndi Ogasiti kuli kouma, usana wadzuwa ndi usiku wozizira. Ku Nashik, m'dziko la India, amachitanso chimodzimodzi pofuna kuzemba mvula yawo.

Maganizo anga ndi akuti njira imeneyi ingayenerere bwino madera otsika ndi ofunda monga Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje kusiyana ndi Bembeke, kumene kuzizira kwa Juni ndi Julayi kungachedwetse kupsa, ndipo chisanu chingathe kuwaula masamba mphesa zisanamalize. Ilinso ndi mtengo wake, chifukwa mphukira ndi maluwa zimatuluka mvula ili mkati ndipo zimafuna kupopera pafupipafupi, komanso minda yaikulu imadzutsa maso ndi mankhwala aukali amene sindingakulangizeni kuwagwiritsa ntchito pakhomo. Ngati mukufuna kuyesa, yesani pa mipesa iwiri kapena itatu yokha. Pa ina iwiri yesani kudulira msanga, kumayambiriro kwa Julayi, muzithirira ndi kuphimba usiku kukaoneka kuti kugwa chisanu, kuti muone ngati ingapse mu Disembala mvula isanakhazikike.

Pa mipesa yotsalayo, njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndinaiona pakhomo pena ku Ntcheu. Mpesa umodzi unabzalidwa pabwalo, unayanga pa mitengo, ndipo nthambi zake zina zinakalowa pansi pa malata a khonde. Unali mwezi wa Febuluwale, kutagwa mvumbi wa masiku angapo. Matsango a panja anali atawola, akudontha, tintchentche tili ng'waa, ndipo masamba anali ndi mawanga achikasu okhaokha. Matsango a pansi pa malata, pa mtunda wosakwana mita imodzi, anali osalala, atavala kaufa kawo kotuwa, opanda chipatso chong'ambika ngakhale chimodzi. Muzu unali umodzi, madzi a m'nthaka anali amodzi, ndipo kusiyana kunali kwakuti ena ankanyowa, ena ayi. Choncho mangani kadenga ka pulasitiki yoonekera, yonga ija ya nyumba zolimiramo tomato, pamwamba pa mzere wanu kuyambira nthawi ya maluwa, koma m'mbali musiye motseguka kuti mphepo izidutsa. Thothorani masamba ena ozungulira matsango, makamaka a mbali ya kum'mawa, kuti mame aziuma msanga, ndipo patulirani zipatso m'matsango othinana zikadali zazing'ono. Manyowa a nkhuku achepe, chifukwa amakulitsa masamba n'kupanga mthunzi umene matenda amaukonda. Mankhwala a kopa muzipopera mvula isanagwe, osati nthenda itaoneka kale, popeza amateteza koma sachiza, ndipo muzileka kupopera nthawi yothyola ikayandikira, motsatira masiku amene alembedwa pa paketi. Apumbwa mungawapewe poveka matsango timatumba ta pepala. Mukadzafuna kuwonjezera mipesa, funafunani ya mtundu wa Isabella kapena ina ya magazi a ku America, chifukwa imapirira matenda a mvula kuposa ya ku Ulaya, ngakhale kuti vinyo wake ali ndi fungo limene si onse amalikonda.

Monga mphunzitsi, kusunga rejisitala si kwachilendo kwa inu. Ikani chitini cha m'mbali mowongoka pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo, muziyeza madzi ake ndi rula m'mawa uliwonse n'kulemba mamilimita. M'buku lomwelo muzilemba masiku asanu pa mpesa uliwonse: lodulira, lophukira, lochita maluwa, losintha mtundu ndi lothyola. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi mudzadziwa kuti mipesa yanu imatenga masiku angati kuchokera podulira kufika popsa pa malo anuwo, ndipo mudzatha kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuti mupeze tsiku loyenera kudulira.

Za botolo lija, ngati lili ndi chotsekera cha khungwa ligonekeni chammbali kuti chotsekeracho chisaume, pamalo amdima ndi ozizira, kutali ndi khitchini ndi pawindo. Chaka chabwino sichitanthauza kuti vinyo aliyense wa chakacho angasungidwe mpaka kalekale, pakuti ambiri amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka zisanu, ndipo ndi ochepa okha amene amapitiriza kukoma kupyola zaka khumi. Mwana wanu akadzabwera pa tchuthi, litseguleni.